Timagetsi Tiwiri

Foni ya Nafisa inathima pa siteji ya minibasi pa Machinga boma, nthawi yomwe ankafuna kuimbira amayi ake. Ankachokera kuchipatala kokazonda azakhali ake, ndipo kumudzi kwawo kwa Nsamala ankadikira kumva ngati wodwalayo walawako phala. Anaigwedeza foniyo, anaimenyamenya pachikhatho, koma foni yotha moto siimva kunyengerera.

"Achemwali, muipha foniyo. Yalakwanji?"

Wolankhulayo anali mnyamata wamtali yemwe anatsamira dengu la matemba.

"Yatha moto," anayankha Nafisa osamuyang'ana.

"Moto ndili nawo ine."

Nafisa anamuponyera diso loti usandizolowere. Koma mnyamatayo anapisa m'chikwama n'kutulutsa pawabanki yakuda, yolemera ngati theka la njerwa. Atadina pambali, timagetsi tinayi tinayaka.

"Dzina langa ndine Hamadi. Ndimapikula matemba ku Chiuta n'kukagulitsa ku Balaka. Nyanja ikuphwa, koma ine sindinaphwe. Lumikizani foniyo."

Chingwe chake chinali chachifupi, choncho m'minibasi anakhala mpando umodzi. Akanatani? Pofika pa Liwonde anali akuseka limodzi. Pofika pa Balaka nambala anali atapatsana kale, ndipo Nafisa anatsika ndi foni yodzadza theka komanso mtima wosakhazikika.

Chinali chaka cha njala. Chimanga chinapserera chisanamasule, ndipo kwa Nsamala anthu ankagonera mango aawisi owiritsa ndi phala la gaga. M'chaka chotere mtsikana wanzeru amaganiza za mimba yake. Koma Nafisa, mwana wa eni, ankadzuka n'kuthamangira foni asanasukusule n'komwe.

"Wadzuka bwanji, duwa langa la m'chilala? Ena akulira chimanga, ine ndikulira iwe."

Uthenga woterewu ankauwerenga mpaka kuuloweza. Vuto linali limodzi: m'mudzimo munalibe magetsi, ndipo kotchajitsa kunali kutali. Foni ikathima, Nafisa ankangozungulira pabwalo, osadziwa chogwira.

Loweruka lina Hamadi anatulukira pa njinga, n'kumuika pawabanki ija m'manja.

"Ndizikusiyira Loweruka lililonse. Lachitatu ndiziitenga popita kumsika ku Balaka, ndizikaitchaja, Loweruka ndizibwera nayo. Sindifuna tsiku lidutse osamva mawu ako. Ndipo tamvera, Nafisa: mvula ikagwa, tikakolola, Inshallah ankhoswe anga afika pakhomo pano."

Nafisa analira ndi chimwemwe. Sabata yomweyo azakhali ake aja, atachira, anamupezera ntchito ya m'nyumba ku Zomba, kodya katatu patsiku. Iye anakana.

"Wapenga kodi?" anafunsa amayi ake. "Lonjezo la mwamuna ungaliphike?"

"Amayi, a Hamadi si onama."

Komabe sabata yoyambayo panali kanthu komwe kanamuvutitsa. Nafisa anasiyira sukulu Fomu 3, ndipo masamu ankawakhoza. Pa pawabankiyo panalembedwa 20000. Pa batire la foni yake panalembedwa 4000. Ndiye kuti foni imayenera kudzadza kasanu. Koma inadzadza katatu, kachinayi inangolawa pang'ono, timagetsi tonse n'kuzima.

"Hamadi, anakugulitsa yabodza," anatero Nafisa Lachitatu, Hamadi atabwera kudzaitenga.

Hamadi anaseka, n'kukhala naye pansi pa mtengo wa mango.

"Iyayi, wapamtima, si yabodza. Ukapita ndi ndowa yodzadza chimanga kokonoletsa, umabwerako ndi ndowa yodzadza mphale?"

"Ayi, gaga amachoka."

"N'chimodzimodzi. Nambala iyi ndi ya moto uli m'katimu. Koma moto wam'katimu ndi wofooka, sungalowe m'foni momwe ulilimo. Pawabanki imayamba yaukankha kuti ukwere mphamvu, ndipo pokankhapo wina umathera pomwepo. Unaigwirapo ikutchaja?"

"Imafunda."

"Kufundako ndi moto ukuthawa. Foninso imafunda, chingwe nachonso chimadyako. Pa 20000 paja, wofika kwa iwe mwina ndi 13000. Katatu n'zoona zake. Wokuuza kuti kasanu akukunamiza."

Nafisa anamuyang'ana ndi maso achikondi. Mwamuna wanji wosakometsa ngakhale katundu wake yemwe! Kuyambira tsiku limenelo, chilichonse chotuluka pakamwa pa Hamadi anachitenga ngati choona. Loweruka likafika, gawo lake la chakudya ankaligawa pawiri, lalikulu n'kumusungira mlendoyo. Iye ankanama kuti wadya kale.

Koma miyezi itapitapo zinthu zinayamba kusintha. Pawabanki inayamba kubwera ndi timagetsi tiwiri tokha. Foni inkadzadza kamodzi, kachiwiri n'kulekera panjira.

"Magetsi anathima ku Balaka, mwezi wanga. Ukudziwa madzi achepa mu Shire."

Sabata yotsatira, timagetsi tiwiri. Inzakenso, timagetsi tiwiri.

"Yayamba kutopa," anatero Hamadi. "Batire limakalamba ngati munthu. Ngakhale uitchaje tsiku lonse siipitirira pamenepa."

Nafisa anakhulupirira. Anayamba kuumira moto momwe amayi ake ankaumirira ufa. Foni ankaiyatsa m'mawa, kuwerenga uthenga, kuyankha, n'kuzimitsa. Masana mtima unkamuwawa: bwanji ngati akuimba? Bwanji ngati wagwa pa njinga? Ankaiyatsa, kupeza palibe kanthu, n'kudzitukwana kuti wawononga moto. Anaonda mtsikana uja, ndipo sizinali za njala zokha.

Lolemba lina kunamveka kuti ku Balaka kwafika chimanga. Amayi ake anamutuma kukaima pamzere. Potuluka m'nyumba anatenga pawabanki ija. Anati aionetse kwa odziwa, mwina ingakonzeke, Hamadi adzasangalale.

Pafupi ndi msika panali kashopu kotchajitsa mafoni, mwini wake mayi wina wansangala dzina lake Thokozire. Nafisa anamuonetsa pawabankiyo.

"Iii, iyi ndikuidziwa! Si ya a Hamadi a matemba iyi?"

"Eya, ndi yawo. Akuti yatopa, siikudzadza. Komanso kuthimathima kwa magetsiku."

"Magetsi ake ati? Ife pano ndi a sola, mwana wanga, tayang'ana padengapo. Iyi Lachitatu lililonse imachoka pano timagetsi tonse tinayi tili ngwee. Isiye, udzaitenge pochoka pamzere." Mayiyo anamuyang'anitsitsa. "Kodi ndiwe mng'ono wawo wa a Saida? Akazi awo aja a ku Rivirivi?"



"Eya," anatero Nafisa. Sanadziwe chomwe anayankhira choncho.

Tsiku lonse anaima pamzere dzuwa likumuwotcha, koma sanalimve. Saida ndani? Mwina mayi aja asokoneza. A Hamadi ogulitsa matemba alipo angati ku Balaka? Mtima wina unkati thamangira ku Rivirivi pompano, wina unkati usachimwire munthu wosalakwa. Madzulo anabwerera kumudzi ndi kathumba ka chimanga pamutu, pawabanki ili m'chitenje, timagetsi tinayi.

M'mawa mwake anaiyesa. Anadzadza foni yake. Anakabwereka ya mnzake woyandikana naye nyumba, yofanana ndi yake, nayonso inadzadza. Anabwerekanso ina, inadzadza. Katatu, monga kale! Ankapemphera kuti ilephere, koma pawabankiyo inalibe matenda alionse.

Nanga timagetsi tiwiri tinkathera kuti pakati pa Lachitatu ndi Loweruka?

Lachitatu Hamadi atabwera kudzaitenga, Nafisa anamupatsa osanena kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Bwanji wakhala chete, mfumukazi yanga?"

"Njala basi."

"Pirira. Chaka chamawa ngati pano uli m'nyumba mwanga, ukudya mpunga."

Lachisanu Nafisa anavala chitenje chake chabwino n'kuuyamba ulendo wa ku Rivirivi. Mtsinje wa Rivirivi unali mchenga wokhawokha, amayi akufukula madzi m'timaenje. Sanavutike kufunsa. Atangoti kwa a Hamadi a matemba, anamulozera nyumba yofolera ndi udzu, kuseri kwa mtengo wa bwemba.

Pakhonde panali mayi wachitsikana akuyamwitsa khanda. Pamphasa, pambali pake, panali pawabanki yakuda ikutchaja foni.

"Salaamu aleikumu. Ndinu a Saida?"

"Aleikumu salaamu. Ndine. Fikani, khalani pamphasapa."

Nafisa anakhala. Anapempha madzi akumwa, kenaka analoza pawabankiyo.

"Yabwino iyi. Imadzadza kangati foni yanu?"

"Kamodzi ndi theka," anatero Saida akumwetulira. "Ikanatha kupitirira, koma bambo a mwanayu anandiletsa. Akuti ikatsala timagetsi tiwiri ndizichotsa msanga, ukaimaliza yonse imafa. Ndiye Loweruka amaitenga, amapita nayo kunyanja."

"Kunyanja?"

"Eya, ku Chiuta. Amavutika bambowa, chaka chino nsomba kulibe. Amabwerako Lachitatu."

Nafisa anafuna kuseka, koma yomwe inatuluka inali misozi. Saida anadzidzimuka.

"Achemwali, kwagwanji? Kuli maliro?"

"Timagetsi tiwiri totsalato," anatero Nafisa, "sitipita kunyanja. Timabwera kwa ine, kwa Nsamala."

Anatulutsa foni yake n'kumupatsa. Saida anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. "Duwa langa la m'chilala." Anaika foniyo pansi, n'kutenga yake, n'kumuonetsa Nafisa. Mawu ake omwewo, tsiku lake lomwelo. Khanda linasiya bere n'kuyamba kulira.

Nthawi yomweyo belu la njinga linalira kuseri kwa nyumba. Anali Hamadi akuchokera kumzikiti ku mapemphero a Juma, atavala mkanjo woyera, akuimba kanyimbo. Atawaona awiriwo pamphasa imodzi, kanyimbo kanathera pakhosi.

"Nafisa! Iwe... wabwera bwanji kuno?"

"Ndabwera kudzaona nyanja."

"Tamvera, wapamtima, ndimati ndikuuze. Walahi ndimati ndikuuze tikakolola! Mitala si yoletsedwa, ukudziwa iwenso."

"Nanga bodza?" anafunsa Saida, ataimirira mwana ali paphewa. "Bodza nalo si loletsedwa? Mwachokera nalo kumzikiti lomweli?"

 Munthu uja wodziwa kufotokoza komwe moto umathawira anayang'ana kumbali, manja ali pa chiwongolero cha njinga.

"Ndinakana ntchito ku Zomba chifukwa cha iwe," anatero Nafisa. "Ndinkagona ndi njala kuti iwe udye. Ndinkakupatsa gawo lalikulu, Hamadi, loyamba kugawa! Iwe n'kumandibweretsera makombo a mkazi wako, ine n'kumathokoza!"

"Ndimakukonda, Nafisa. Nonse awiri ndimakukondani."

Mawu amenewa ndiwo anamupweteka koposa, chifukwa anawanena ndi nkhope yomwe ija ya pa siteji ya minibasi. Nafisa anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anawerama, anatola pawabanki ija n'kuiika m'manja mwa Saida.

"Achemwali, ndikhululukireni, sindinkadziwa. Iyi ndi yanu. Muzimaliza timagetsi tonse tinayi. Siifa, ndinayesa ine."

Anatembenuka n'kutsetserekera kumtsinje. Hamadi anamuitana kawiri, koma sanamutsatire, poti Saida anali ataima pakati pa iye ndi njira.

Ali pakati pa mchenga wa Rivirivi, foni inanjenjemera m'manja mwake. Moto unali utatsala pang'ono, kachizindikiro katafiira. Uthenga wa Hamadi unali utalowa, ndipo mawu oyamba ankaoneka: "Mwezi wanga, usandisiye..."

Chala chake chinaima pamwamba pa uthengawo. Mtima wopusawo unkafunabe kuwerenga! Koma moto wotsalawo unali wokwana chinthu chimodzi chokha. Nafisa anasaka nambala ya azakhali ake n'kuimba.

"Azakhali, ndine Nafisa. Ntchito ija ya ku Zomba, anapeza kale munthu?"

"Anapeza kalekale, mwana wanga. Bwanji, ukulira?"

Asanayankhe, foni inathima.