Muuni wa Pulazima ndi Mbaula ya Nachisale

Makoma a nyumba za lendi ku Chirimba ndi opyapyala, moti Tiyanjane, akuyamwitsa mwana, ankamva zonse. Neba wake Nachisale ankakalipira amuna ake, a Malizani, kuti amusungunulira mbaula.

A Malizani ankagwira ntchito ku Japani, kuika miuni ya pulazima m'mainjini a ndege zatsopano zotchedwa namzeze. Ndegezi zimathamanga kuposa mawu, ndiye mphepo imalowa mu injini mwaukali, moto wamba n'kuzima ngati machesi a nthawi ya mwera. Pulazima ndi mpweya wotenthedwa ndi magetsi mpaka kusanduka kamphezi kosazima. Kamphezi kameneko ndi kamene kamayatsa mafuta, mphepo ili chiombere. Chibwerere ndegezi, ulendo wa ku Japani unafupika ngati wochoka ku Limbe kupita ku Zomba, ndipo a Malizani, amene ankangooneka pa Khirisimasi, anayamba kugona kwawo tsiku lililonse.

Nkhani inagona pamenepo. Nachisale anali atazolowera kuyendetsa nyumba yekha. Tsono bambo akafika, ndiye kusuntha mipando, kufunsa kuti mchere uli pati, kugulira mwana wawo Mwatitha mazira amene amamutulutsa ziwengo. Tsikulo anabwera ndi kamuuni ka pulazima m'thumba, ati mayi asamavutike kukoleza moto. Mbaula inabooka, mphika unapindika, nyemba zinathera pansi.

"Bwererani ku zakale zija, bambo a Mwatitha," anatero Nachisale, mawu atatsika. "Muzibwera pa Khirisimasi. Ine ndimakudziwani ngati mlendo."

Tiyanjane atamva chitseko, anati basi, banja lija latha. Koma kugogoda kunamveka pakhomo pake. Anali a Malizani, atapinda manja a malaya, akuti adzabwereke mbaula ndi kupalako moto. Anafunsanso, maso ali pansi, kuti makala amawayala bwanji. Tiyanjane anawaonetsa pang'ono, n'kuwauza kuti zotsalazo akafunse mwini khitchini.

Posakhalitsa kuseri kwa khoma kunamveka kukupiza kwa munthu wosazolowera, Nachisale akuwauza kuti asamakupize ngati akumenya njoka. Kenako anaseka yekha. Panapita nthawi, fungo la mbatata yophika n'kufika mpaka kwa Tiyanjane. Mkeka unayalidwa, madzi osamba m'manja anathiridwa m'beseni.

"Mawa mufike msanga, mukamutenge Mwatitha kusukulu," anatero Nachisale. "Aphunzitsi sakudziwani n'komwe."

Ndege inali itawafikitsa a Malizani pakhomo kalekale. M'nyumbamo analowa tsiku limenelo, atakhala pansi kudya ndi akazi awo.