Khadi la Sikelo Nambala 417

Izi si zopeka ayi. Mayi Elube, amene ankayeza ana pa kachipatala kena kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi, akadali moyo ku Balaka, ndipo amalumbira kuti anaziona ndi maso awo m'chaka cha 1984.

Wolemba makadi a sikelo pamenepo anali Scholastica, mayi wachangu koma wokonda zachidule. Lamulo linali lakuti mwana aliyense akhale ndi nambala yakeyake. Mwana akamwalira, khadi linkabwezedwa n'kutsekeredwa m'katoni, nambalayo osapatsidwanso kwa wina.

Chaka chimenecho makadi atsopano anatha. Ndiye Matilda, mng'ono wake wa Scholastica, atabwera ndi Bizwick, mwana wake wa chaka chimodzi, Scholastica anati aaa, wakufa adziwa chiyani? Anapisa dzanja m'katoni, natulutsa 417, nafufuta dzina la Swaibu, n'kulembapo la Bizwick. Abale inu, ulesi wa mphindi imodzi!

Lachitatu lotsatira, cha m'ma thili koloko mzere utatha, mpheta zimene zinkasokosa padenga zinangoti zii. M'chipinda munalowa fungo la dothi lokumba kumene, chikhalirecho kunali kusanagwe mvula. Pakhomo panaima mayi wofunda mpango woyera, mbereko ili kumsana.

"Ndadzera khadi la mwana wanga," anatero motsitsa mawu.

"Nambala?"

"417."

Scholastica anaika cholembera pansi.

"Imeneyo ili ndi mwini wake, mayi. Ndikulemberani ina papepala."

"Iyayi. Ana awiri sakhala pa nambala imodzi. Si lamulo lanu lomwe?"

Mayiyo anatembenuka. Mbereko inali lende, mulibe mwana. Mapazi ake sanamveke pakhonde.

Elube anagwira Scholastica pamkono. "Amenewa ndi amake Swaibu," ananong'ona. "Anatsatira mwana wawo chaka chatha. Ine kumaliro ndinaliko."

Mantha amene anamugwira Scholastica sanali a ntchito ayi, anali a mwana wa mng'ono wake. Anatsegula kaundula, nakhwatcha dzina la Bizwick pa 417 mpaka pepala kubooka. Kenaka liwiro, Elube pambuyo, kudutsa m'minda ya thonje, nsapato zili m'manja. Ankati akalande khadilo, alibwezere m'katoni dzuwa lisanalowe.

Anapeza Matilda akupeta nandolo pakhonde.

"Khadi lija lili kuti?"

"Si mwatuma munthu, achemwali? Wadzatenga posachedwapa. Anapemphanso kumunyamulako mwana pang'ono."

"Unamupatsa?"

"Ndikanakana bwanji mlendo wanu?"

Bizwick anali khale pamphasa, akusewera ndi chitsononkho. Thupi silinatenthe. Ankapuma bwinobwino. Scholastica anagwada, misozi ya chisangalalo ili mbwembwembwe.

"Bizwick!" anaitana. "Bizi, bwera kwa amayi aakulu!"

Mwana sanacheuke. Scholastica anaomba m'manja. Sanacheuke.

"Chichokereni mayi uja sakundiyankha," anatero Matilda, lichero litaima m'manja. "Kubere akukananso, akungondiyang'ana ngati mlendo."

 Scholastica sankafuna kuyesa, Mulungu ndi mboni, sankafuna. Koma milomo inatseguka yokha, nanong'ona pang'onopang'ono:

"Swaibu."

Mwana anaponya chitsononkho pansi. Anacheuka, naseka, natambasula manja.