Kagalimoto ka Mipando Iwiri

Tsiku limene Gregory anatulukira pa galaja ya Wezi, anthu pa boma la Mzimba anafa nalo phwete. Ng'ombe ziwiri zapangolo zinkakoka kagalimoto kofiira, kafupi, kopanda denga. Pachiwongolero panali mnyamata wa magalasi akuda ndi jekete lachikopa, chonsecho dzuwa likuswa mtengo.

Wezi anatuluka kunsi kwa minibasi akupukuta girizi m'manja.

"Monire, adada. Tikonze ziti, ng'ombezi kapena galimotoyi?"

Mnyamatayo anavula magalasi. "Ndikufuna mwini galaja."

"Mwamupeza. Ndine Wezi, Nyamoyo, mwana wa a Moyo."

"Yewo chomene! Ine ndine Gregory wa ku Euthini, ndangotsika kumene kuchokera ku Joni. Ndikadadziwa kuti amakaniko a kuno ndi okongola chonchi, bwenzi nditaiwononga kalekale galimotoyi."

Wezi anatsonya. Mawu oterewa anali atawamva kambirimbiri kwa madalaivala. Nanga n'chifukwa chiyani lero sipanala inamupulumuka m'manja?

Kagalimotoko kanali kamjaho, kachikale, kakakulu kuposa onse awiri pobadwa. Gregory anakagula ku Joni, kanabwera pa lole, koma katangolawa zitunda za ku Mzimba injini yake inanoka. Wezi atatsegula boneti anapukusa mutu.

"Iyi yatha basi. Zipangizo zake simungazipeze muno m'Malawi."

"Ndiye ikanimo ina, yaikulu. Ndikufuna yoti ikaona mchenga wa msewu wa kwathu izingoseka."

Maso ake anagwera pa chinthu chofundidwa lona pakona. Wezi anachitchinga ndi thupi lake.

"Iyo ayi. Siyogulitsa."

Pansi pa lonalo panali injini ya masilinda sikisi ya pikapu ya malemu a Moyo, bambo ake. Pikapuyo ndi imene inkanyamula chimanga ndi fodya wa alimi mpaka Wezi kumaliza sukulu, ndipo pa injini yomweyo ndi pamene bambo ake anamuphunzitsira kugwira sipanala. Thupi la galimotoyo linali kuseri pa njerwa, likudikira. Wezi analumbira pamanda kuti tsiku lina adzaiyendetsanso. Ambiri anaifunsira injiniyo ngati mbeta, onse anabwerera manja ali m'khosi.

Gregory sanaumirize. Anangobwera mawa lake ndi tchipisi ndi chakumwa chozizira. Mkuja anabweranso. Ankakhala pa tayala lakale, kumupatsira zida, ngakhale samasiyanitsa sipanala ndi pulayala. Akachoka, foni ya Wezi inkalira.

"Nyamoyo wanga, fungo la oyilo lija landilowa m'mtima. Pefyumu wa ku Joni ndamutaya."

"Duwa langa la pa boma, wadya? Usamagwire ntchito ndi njala, ukundipweteka ine."

Mtsikana amene ankaopedwa ndi makondakitala onse a pa depoti anayamba kumwetulira yekha kunsi kwa magalimoto. Chikondi n'chopanda ulemu ndithu!

Tsiku lina Gregory anamugwira dzanja, girizi ndi girizi yemwe, n'kumukhazika pa mpando wa kumanzere.

"Waona? Mipando ndi iwiri basi. Palibe malo a wachitatu. Wina wanga, winawu wako mpaka imfa. Ikadzangolira galimotoyi, ulendo woyamba ndi wa kwa akuluakulu ako, thenga wokakufunsira ukwati ali pambuyo. Adada ako akadakhala moyo, kodi akadakana kuti injini yawo inyamule mwana wawo pa tsiku la ukwati?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Wezi. Madzulo asanakwane, lona lija linali litachotsedwa.

A Enos, asibweni ake, mlongo wa mayi ake, ndiwo ankawotcherera zitsulo pagalajapo. Anakweza chigoba chawo cha kumaso n'kumuyang'ana.

"Mwana wane, munthuyu kwawo wakuonetsako? Ngakhale mlongo wake mmodzi wamuona?"

"Akuti tidzapita galimoto ikatha, asibweni."

"Mbwenu, chabwino. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Inu ingowotchererani."

Ntchito yake sinali yamasewera. Injiniyo inali yaikulu, kagalimotoko kakang'ono, ngati kuveka munthu wamkulu nsapato ya mwana. Ataitsitsa koyamba ndi tcheni, inakakamira m'mbali. Wezi anaikweza, anadula zitsulo, a Enos anawotcherera mapazi atsopano okhazikapo injini. Itakhala, giyabokosi inakana kukumana ndi shafti. Anaifupikitsa shaftiyo. Boneti inakana kutseka, iye anaisula mpaka inatuluka linunda pakati. Kutsogolo kunalemera, anasintha masipuling'i. Mabuleki akale sakanatha kuimitsa mphamvu yotere, anaika ena.

Tsiku loyamba kuiliza, fani inamenya rediyeta, madzi n'kungoti phwaa pansi ponse. Madalaivala amene anabwera kudzaonerera anaseka.

"Zasiyeni izi, asisi! Njovu siilowa m'khola la nkhuku!"

Wezi anatola sipanala. Anamanganso duku lake, n'kumasula zonse kuyambira pachiyambi. Zala zinang'ambika, msana unkawawa, makasitomala ena anathawira kwina. Iye maso anali pa mpando wa kumanzere uja. Sitepe iliyonse ankaijambula pa foni n'kutumiza kwa Gregory, amene masiku amenewo ankati watanganidwa ndi kumanga nyumba kumudzi.

"Mfumukazi yanga, manja akowo ndidzawapsompsona chala chimodzichimodzi. Koma ithe mwezi uno usanathe, chonde."

Ndipo inatha. M'mawa wina Wezi anapotokola kiyi, injini inatsokomola kawiri, kenako inabangula mpaka malata a galaja ananjenjemera. Linali liwu lomwe lija ankalimva ali mwana, bambo ake akamatulukira pa chitunda. Anagwira chiwongolero n'kulira ngati kamwana.

Atamuuza Gregory, yankho linabwera msangamsanga.

"Wakutemweka wane, wokondedwa wanga, usaitulutse pa geti! Ndikufuna ulendo woyamba tikhale awiri. Ndibwera Lachinayi kudzaitenga."

Mawu okoma ndithu. Koma pagalajapo panali lamulo la malemu a Moyo, ndipo Wezi anali asanaliphwanyepo: galimoto siiperekedwa kwa mwini wake isanayesedwe pa msewu umene izikayendamo, mpaka injini itatentha bwinobwino. Nanga akadalola bwanji kuti galimoto ya wokondedwa wake ikamufere m'mchenga, n'kukokedwanso ndi ng'ombe? Komanso, akamuona akutulukira kwawo mosayembekezera, si adzalumpha ndi chimwemwe?

Anavala diresi lake labuluu, n'kulunjika msewu wa ku Euthini.

Kagalimoto kanauluka! Zitunda kanazimeza, mchenga kanaupasula, fumbi lili kobo m'mbuyo. Singano ya kutentha sinasunthe. Wezi ankaimba yekha, mphepo ikumuwomba kumaso.

Ku Euthini linali tsiku la msika. Asanazimitse n'komwe injini, amayi ena amene ankasankha nsalu pa sitolo anaponya nsaluzo pansi. Nthungululu zinalira.

"Yafika! Galimoto ya ukwati yafika! Muitaneni Christobel!"

Anthu anaunjikana. Mtima wa Wezi unadumpha ndi chisangalalo pomva mawu akuti ukwati, kenako unaima. Christobel ndiye ndani?

M'sitolomo munatuluka mtsikana woyera, wamanyazi, atanyamula mpukutu wa maliboni oyera ndi apinki. Anaisisita boneti pa linunda paja ngati akusisita mwana.

"Ndi yomweyi! Greg amanditumizira zithunzi zake tsiku ndi tsiku. Yewo chomene, asisi. Akutumani ndi madala aja?"

"Madala ati?"

"Amakaniko. Greg akuti ndi bambo wina wokalamba wa pa boma, wovuta chomene."

Wezi anamuyang'anitsitsa. "Inu ndinu ndani wake Gregory?"

Amayi aja anaseka. Mmodzi anayankha m'malo mwake. "Mwafika kumene eti? Uyu ndi mwini mpandowo! Ng'ombe za malobolo zinalowa kale m'khola la adada ake. Ukwati ndi Loweruka lino."

Christobel, ndi chimwemwe chake chosalakwa, anatsegula foni. "Onani zimene anandilembera."

Wezi anawerenga. "Mipando ndi iwiri basi. Palibe malo a wachitatu. Wina wanga, winawu wako mpaka imfa." Pamwamba pake panali chithunzi chimene Wezi anajambula yekha, koma mbali imene panaoneka dzanja lake inali itadulidwa.

Dziko linazungulira. Zala zake zong'ambikazo, tulo take, injini ya bambo ake, zonsezo anali kukonzera mkwatibwi wina? Anafuna kukuwa, anafuna kugwa pansi. Koma anayang'ana Christobel n'kuona kuti nayenso ndi mwana wa munthu, wosadziwa kanthu.

Anamukokera pambali, kuseri kwa sitolo, n'kumupatsa foni yake.

"Makaniko wokalamba uja ndine. Werengani pang'onopang'ono, m'bale wanga. Sindinabwere kudzalimbana nanu. Chochita mudziwa nokha."

Christobel anawerenga. Maliboni anagwa m'fumbi, iye n'kukhala pansi atagwira pakamwa.

Ulendo wobwerera Wezi sanaimbe. Misozi inkauma yokha ndi mphepo, ina n'kubwera. Injini yokha ndiyo inkalira mokhulupirika, osaphonya ngakhale kamodzi. Pofika pa boma, kulira kunali kutatha. Anavula diresi labuluu, n'kuvala ovolosi.

"Asibweni, kokerani tcheni kuno."

A Enos anamuyang'ana m'maso. Za nyerere zija sanazitchule. Anangopita kukatenga tcheni.

Ntchito imene inamudyera milungu poimanga, poimasula inangoyenda ngati madzi. Bawuti iliyonse ankaidziwa. Foni inalira, inaliranso, mpaka inatopa.

"Nyamoyo wanga, ndikufotokozera, ndi makolo anandikakamiza!"

"Duwa langa, yankha. Mtima wanga uli kwa iwe."

"Wezi, anthu aitanidwa kale. Usandichititse manyazi."

Lachinayi m'mawa Gregory anafika pa kabaza wanjinga yamoto, wopanda magalasi, maso ali psuu. Anapeza kagalimoto kali panja pa geti, kotsukidwa, konyezimira. Nkhope yake inamasuka.

"Ndinadziwa! Ndinadziwa kuti mtima wako ndi wagolide. Tamvera, wokondedwa, Christobel wakwiya, akukana kundiona, koma akuluakulu akukambirana. Ndikangofika ndi galimotoyi afewa. Zikatha izi, iwe ndi ine tidza..."

"Kiyi ali momwemo," anatero Wezi.

Gregory analumphiramo, n'kupotokola kiyi. Zii. Anapotokolanso. Zii. Anatsika n'kutsegula boneti. Munali kainjini kake kakale kaja, konoka, atakakhazika bwinobwino n'kukamanga ndi waya kuti kasagwe panjira.

"Wezi! Wandipha! Injini ija ili kuti?"

"Kwawo."

"Unandipatsa ndi manja ako!"

"Ndinapatsa mwamuna wanga. Inu sindikukudziwani, adada. Masipuling'i ndi mabuleki tengani, ndi mphatso yanga ya ukwati. Mwina mabulekiwo angakuphunzitseni kuima."

Gregory anagwada m'fumbi, madalaivala a pa depoti akuonerera. "Ndapota nawe, Nyamoyo. Loweruka lokha basi! Ndikafika bwanji ku Euthini?"

Mtima wa Wezi unapweteka, pakuti chikondi sichizima ngati injini. Liwu limenelo ankalikondabe, ndipo anadzida chifukwa cha zimenezo. Koma analoza kumsewu. Mwini ng'ombe zapangolo zija anali akubwera nazo zonse ziwiri, chingwe chili paphewa.

"Ndakuitanirani kale. Zikatopa panjira, mukabwereke ziwiri pa za malobolo zija."

Anatembenuka osadikira yankho. Kuseri kwa galaja, pikapu ya malemu a Moyo inali itatsika pa njerwa, itaima pa matayala ake, yadzimbiri, galasi limodzi losweka. A Enos anali atakhala kale ku mpando wa kumanzere, chipewa chili pa bondo.

Wezi anapukuta maso ndi mkono wa ovolosi, n'kupotokola kiyi. Injini inatsokomola kawiri, kenako inabangula.

Potuluka pa geti anadutsa kagalimoto kofiira kakukwawa pambuyo pa ng'ombe, mwini wake atazolika pachiwongolero, mpando winawo uli wopanda munthu.

"Tilowera kuti, mwana wane?" anafunsa a Enos.

"Kumanda, asibweni. Adada akaimve."