Chimbudzi cha kwa Alandilodi

Fungo linamulandira Rozaria asanafike n'komwe pachipata. Linali fungo lomata pakhosi, moti anatsika panjinga n'kutseka mphuno ndi chitenje. Mvula inali itagwa masiku atatu ku Golomoti, ndipo m'mawa umenewo anthu ake a lendi anamuimbira foni kuti abwere msanga.

Zomwe anapeza kuseri kwa nyumba, abale inu, si zoona munthu utangodya kumene. Chimbudzi chinali chitatitimira m'dzenje, denga lokha likusuzumira. Zam'kati zonse zinasefukira, zikuyenda pang'onopang'ono kudutsa pabwalo mpaka pamafuwa pomwe anthu amaphikira. Mphutsi zinali mbwee, ntchentche zobiriwira zija zikuchita ukwati. Rozaria analavula malovu kawiri, mseru osachoka.

Felesita, mayi amene ankakhala m'chipinda choyamba, anali pakhonde akukhula mwana wake Happy ndi sopo. Kamtsikanako kanali katasasa mawu ndi kulira.

"Mwafika, alandilodi?" anatero Felesita osadzutsa mutu. "Tamununkhizani mwanayu. Ndamusambitsa katatu. Ndachita kumugwira mkono dothi likupita naye, zonyansazo zitamufika m'chifuwa."



Nyumbayi inali yoyamba ya Rozaria, ndipo ankainyadira koopsa. Atalemba mayeso a Fomu 4 anagulitsa tomato ndi mpunga m'mbali mwa msewu zaka zinayi, osadziwa ndi diresi yatsopano yomwe, mpaka anagula kapuloti. Anaumba njerwa zokwanira zipinda zitatu ndi chimbudzi. A Laisoni, mmisiri amene ankamanga, anamuchenjeza kuti dothi la kuno ndi mchenga ndipo madzi ali pafupi, choncho dzenje limafunika kulimangira njerwa kuyambira pansi.

Koma Rozaria anali ndi mphunzitsi wake pa za nyumba, amalume ake a Wenceslaus, omwe ali ndi midadada ya lendi ku Mtakataka. Iwo ataimva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, njerwa zabwinobwino ukakwirire pansi? Unaona ndani akulipira lendi ya chimbudzi? Manga chipinda chachinayi, dzenjelo ungoyalapo mitengo."

Rozaria anamvera, ndipo chipinda chachinayi chinamangidwa chokongola ndithu.

Tsopano amalume aja anatulukira pa njinga yamoto, atavala nsapato zonyezimira. Anthu a m'zipinda zina ziwiri anali atatuluka kale ndi mitolo yawo, naye Felesita anali atayamba kumanga mapoto m'chitenje.

"Ndiye ukulira chiyani?" anafunsa a Wenceslaus. "Zazing'ono izi. Kwanga zimachitika chaka chilichonse. Thira mchenga pamwamba, imika mpanda wa udzu zisaoneke, mawa ukumbe kadzenje kena pambali. Amene akuchoka achoke, nyumba sisowa munthu."

"Mwana akanafera mmenemu, amalume."

"Wafa?"

Polankhula choncho anali ataponda poterera. Anayang'ana nsapato yawo n'kukwinya nkhope. Kenaka anatola kadiresi ka Happy komwe kanali pachingwe, kochapa kale, n'kupukutira nsapatoyo bwinobwino, mbali zonse, ngati munthu wopita ku Misa. Atatha anakaponya pansi.

Rozaria anawayang'ana amalume akewo. Ndiye munthu ameneyu ndi amene iye wakhala akumusirira zaka zonsezi, akufuna kudzafanana naye? Zinamunyansa, ndipo anadzinyansa yekha.

"Tamvera," anapitiriza amalume, mawu atatsitsa. "Pali mphunzitsi wina watsopano akufuna chipinda. Ndamuuza abwere pompano. Umulandirire kutsogolo kuno. Akafunsa za fungo, unene kuti yafa mbuzi kwa aneba."

Sipanapite nthawi, mphunzitsiyo anafika wapansi. Dzina lake anali Austin, ndipo anabwera ndi mkazi wake yemwe anali woyembekezera, akuyenda atagwira m'chiuno. A Wenceslaus anawalandira ndi mano onse panja, n'kuwatsegulira chipinda chachinayi. Mkaziyo anakonda zenera ndi simenti yosalala ya pansi.

"Chatisangalatsa," anatero Austin. "Tikhoza kulowa lero lomwe. Koma fungoli likuchokera kuti?"

"Ndi mbuzi ya..." anayamba a Wenceslaus.

"Si mbuzi, aphunzitsi," anadula Rozaria. "Tabwerani kuseri kuno muone kaye."

Amalume anamutsina pamkono, koma iye anatsogola. Mkazi wa Austin atangosuzumira pakona anatembenuka n'kusanza patsinde pa papaya.

"Dzenjelo sindinalimangire njerwa," anatero Rozaria. "Mmisiri anandiuza, ine ndinakana. Muno simulowa munthu mpaka nditakonza."

Austin anagwira mkazi wake dzanja, nathokoza mwachidule, ndipo anabwerera njira yomwe anadzera.

"Chitsiru!" anakalipa a Wenceslaus akuliza njinga yawo. "Bwerera ku tomato wako, za nyumba si zako. Usadzandifunsenso nzeru!"

"Sindidzakufunsaninso, amalume."

Pabwalo panatsala anthu atatu ndi ntchentche. Rozaria anatola kadiresi kaja ndi nsonga za zala, n'kupita kwa Felesita yemwe anali akubereka mwana.

"Amake Happy, ndalakwa. Ndipatseni masabata awiri okha. Ndiitana a Laisoni timange chimbudzi chenicheni, ngakhale zitatengera kugumula chipinda chachinayicho. Musachoke, chonde. Mwatsala ndinu nokha."

Felesita anamanga mfundo ya chitenje pachifuwa, nasenza mtolo wa mapoto. Anamuyang'ana Rozaria, ndipo m'maso mwake munalibenso ukali.

"Mwachita bwino kuwauza zoona anthu aja," anatero. "Koma inu zipinda muli nazo zinayi, achemwali. Ine mwana ndili naye mmodzi."

Anatuluka pachipata osacheuka. Rozaria anaima pakati pa zitseko zinayi zotsegula mpaka mayi ndi mwana anazimiririka kumsewu. Kenaka anamanga chitenje kumphuno n'kupita kwa aneba kukabwereka fosholo.