Galimoto ya Asibweni Imawira Ikaima

"Vuto ndi galimoto," anatero asibweni a Manasseh.

"Vuto ndi pakamwa pako," anatero amayi.

"Ndi galimoto, achemwali."

"Ndi pakamwa. Galimoto usainamizire."

Kezia anali pakhonde. Ankamvetsera. Asibweni a Manasseh ndi alongo awo a amayi ake. Ali ndi galimoto ya pikiapu yobiriwira. Amanyamula anthu kuchoka ku Katowo kupita ku Boma.

Kezia ankafuna kupita ku ukwati wa asibweni. Anali ndi diresi lachikasu la paukwati. Koma ukwatiwo panalibe. Kezia ankatalika. Diresi linkafupika.

Asibweni ankakonda a Diana, anamwino a kuchipatala. Anthu onse ankadziwa. Ngakhale mbuzi zinkadziwa. A Diana okha ndi amene anali asanauzidwe. Ndipo Loweruka ankabwerera kwawo ku Ntcheu. Mwina osabweranso.

"Mawa ndipita nanu kwa a Diana," anatero Kezia. "Ndikaone ndekha."

Kutacha, ananyamuka. Kezia anakhala pawindo. Mphepo inkamuwomba kumaso. Wailesi inkaimba nyimbo yachikondi.

Anaima pakhomo pa a Diana. Asibweni sanazimitse injini. Batire linali lofooka. Akazimitsa, galimoto imafuna kukankha. Kodi munthu angauze wokondedwa wake kuti akankhe?

A Diana anatuluka. Asibweni anavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, a Diana?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

"Yewo chomene. Odwala adzuka bwanji?"

"Akupezako bwino."

"Nanga makolo ku Ntcheu?"

"Ali bwino."

"Nanga nkhuku?"

"Nkhuku nazo zili bwino, a Manasseh."

M'galimoto, Kezia anatuluka thukuta. Anayang'ana kasingano koonetsa kutentha kwa injini. Kankakwera. Kanakwerabe. Kanafika pofiira.

"A Diana," anatero asibweni, "ine ndimati..."

Fyuuu! Nthunzi inatuluka kutsogolo.

"Galimoto yanu yawiranso," anatero a Diana.

Asibweni anathamanga. Analowa m'galimoto. Anayendetsa. Mphepo inayambanso kuwomba. Kasingano kanatsika pang'onopang'ono.

"Waona?" anatero asibweni. "Ndi galimoto."

"Ndaona," anatero Kezia. "Koma nkhuku munazifunsiranji?"

Kunyumba anazimitsa injini. Kezia ankafuna kutsegula kutsogolo kwa galimoto msanga.

"Dikira," anatero asibweni. "Madzi a mu radiyeta akuwira. Angakuwotche."

Kezia anadikira. Anazungulira galimoto. Anazunguliranso. Kudikira n'kowawa!

Injini inazizira. Asibweni anatsegula chivindikiro. Madzi anali atachepa pang'ono. Anawonjezera.

"Mwina pakudontha?" anafunsa Kezia.

Anagwada. Anasuzumira pansi. Pansi panali pouma.

Kezia anaganiza. Anakumbukira thukuta lija.

"Asibweni, galimoto ikamayenda, ine ndimamva kamphepo. Ikaima, ndimamva kutentha. Injini nayonso?"

"Nayonso."

"Ndiye ikaima, amaikupiza ndani?"

"Fani," anatero asibweni. "Nayi apa, kuseli kwa radiyeta. Injini ikatentha, fani imazungulira yokha."

"Ine sindinaimve."

Asibweni anakanda mutu. "Tiyeni tilize tione."

Amayi anakankha. Kezia anakankha. Amayi ankadandaula.

"Ukwati sunayambe. Msana wanga watha kale."

Injini inalira. Wailesi inayamba kuimba. Asibweni anaimitsa galimoto. Anatsegula kutsogolo.

"Manja kumbuyo," anatero.

Kezia anaika manja kumbuyo. Anayang'ana fani. Injini inatentha. Kasingano kanakwera. Fani inangoti duu.

"Yagona," anatero Kezia.

"Mwina fyuzi yapsa," anatero asibweni. "Fyuzi ndi kamlatho ka magetsi. Ikapsa, magetsi safika."

Anatsegula kabokosi pansi pa chiwongolero. Munali mafyuzi ofiira ndi achikasu. Onse anali pamzere ngati mano. Koma pena panali gweru.

"Dzino limodzi palibe," anatero Kezia. "Lili kuti?"

Wailesi inkaimbabe. Inkaimba mokoma kwambiri.

Kezia anayang'ana wailesi. Amayi anayang'ana asibweni. Asibweni anayang'ana kumwamba.

"Fyuzi ya wailesi inapsa," anatero asibweni. "Ndinangobwereka ina. Ndimafuna a Diana azimva nyimbo."

Amayi anakhala pansi. Anaseka mpaka misozi.

"Iwe Manasseh, wamana injini mphepo chifukwa cha nyimbo?"

"Sindinadziwe kuti ndi ya fani, achemwali."

Asibweni anazula fyuzi ija. Nyimbo inati zii. Anaibweza pamalo ake. Fuuu! Fani inadzuka. Inazungulira. Kasingano kanatsika. Kanaima pakati.

"Tsopano ndipita opanda nyimbo?" anafunsa asibweni.

"Pakamwa muli napo," anatero Kezia.

Lachisanu Kezia anavala diresi lachikasu. Linafika pamwamba pa maondo. Anakwera galimoto.

Anaima pakhomo pa a Diana. Zikwama zinali pakhonde. Zinali zomangamanga. Asibweni anavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, a Diana?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu?"

"Yewo chomene. Odwala adzuka bwanji?"

"Ndatsanzikana nawo."

"Nanga makolo ku Ntcheu?"

"Akundidikira mawa."

"Nanga nkhuku?"

"Nkhuku ndinapatsa anzanga, a Manasseh."

Moni unatha. Asibweni anacheukira galimoto. Nthunzi panalibe. Nyimbo panalibe. Fani yokha inkati fuuu.

Anacheukanso. Nthunzi panalibebe.

Kezia anatulutsa mutu pawindo.

"Asibweni, kasingano kali pakati. Galimoto ikuti idikira."

A Diana anapinda manja. "Inenso ndidikira," anatero. "Koma basi ya mawa sidikira."

Asibweni anapotokola chipewa. Tsopano thukuta linali pa iwo. Kezia anatsika. Anatenga chipewa chija. Anayamba kuwakupiza. Fuuu, fuuu, ngati fani.

A Diana anaseka. Asibweni anasekanso. Kenako anapuma mpweya wambiri.

"A Diana, mawa musakwere basi. Ndikuperekezani ndine mpaka ku Ntcheu. Ndikufuna ndikaone njira, kuti ndidzatume akwathu kwa makolo anu. Ndikufuna mukhale mkazi wanga."

A Diana anatenga chikwama. Anachiika m'galimoto.

"Ndimafuna kumva zimenezo," anatero. "Osati za nkhuku."