Kompyuta Yofera Kutulo Mbandakucha

Chimene chinamudabwitsa Nesrine ndi nthawi. Kompyuta yoyesera, imene ankaisiya mu ofesi yawo mumzinda wa Sfax ku Tunisia kuti izigona ndi kudzuka yokha usiku wonse, inafera kutulo 4:12 m'mawa. Tsiku lotsatira inafa 4:10, kenako 4:09. Matenda a makina safulumira pang'onopang'ono chotero, ngati munthu amene akubwera monyang'ama.

Ntchito yake inali kukonza kenelo, mtima wa kompyuta, pamalo olamula kugona ndi kudzuka. Masana zonse zinkayenda bwino, ndiye anayamba kukayikira dzanja la munthu. Makiyi ena a ofesiyo anali ndi Lotfi, mnzake wa tebulo limodzi, ndipo manong'onong'o ankati akusirira ntchitoyo. Nesrine anakamunenera kwa abwana.

"Zaka zisanu ndi ziwiri tikugawana buledi, lero ndasanduka mfiti?" anatero Lotfi motsitsa mawu, akulongedza katundu abwana atamuimitsa ntchito. "Chabwino, achemwali."

Koma usiku womwewo kompyuta ija inafanso, 4:07.

Usiku wotsatira Nesrine anabisala mu ofesimo, kuseri kwa kabati. Mumdimamo munkangoti phethiphethi kanyale ka kompyuta, fani ikupuma, kuleka, kupumanso. Patapita nthawi anamva masilipasi akukhwekhwereza m'khonde, khwee, khwee, ndi kachitsulo kakugundagunda. Chitseko chinalira. Mthunzi unawerama pakhoma, nuzula waya wa magetsi. Kanyale kaja kanati zii.

"Ndani?" anakuwa Nesrine.

"Mayo! Mwanangu, ukufuna kundipha?" Anali a Hedi, alonda okalamba, ketulo ili m'manja. "Soketi ya kukanyumba kwanga inapsa. Ndi Ramadani ino, ndisamwe tiyi kusanache? Kukuchatu msanga masiku ano. Komatu ndimabwezera waya wanuyo, ine si wakuba."

Nesrine anakhala pansi. Kompyutayo inali ndi batire, siinayenera kufa; koma magetsi akachoka pamene makina akulowa m'tulo, kenelo inkafunafuna chinthu chimene yazimitsa kale, n'kugwa. Anayatsa kompyuta, nafufuza mzere wolakwikawo mpaka kuupeza. Pambali pake panali dzina la amene anaulemba chaka chatha. Silinali la Lotfi, linali la Nesrine mwini.

Kuukonza kunatenga mphindi khumi. Kunja kukuyera, anaimbira Lotfi, podziwa kuti nayenso wadzuka kudya. Foni inaitana kawiri, kenako wina anaidula.