Kabatani, Kapitawo wa Keke

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina woyendetsa lole ya mchenga. Anandipeza ndikuyenda pansi, mvula ili pafupi kugwa. Anandikweza. Ine sindikhalitsa malo amodzi, koma nkhani ikakoma ndimaikhalira pansi. Tsono imvani mmene anandiuzira.

Panali mtsikana wina wamng'ono. Kwawo ankamutcha Kabatani. Anali wamfupi, wa nkhope yozungulira ngati batani la malaya.

Kabatani ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuphika keke ya maapozi.

Amayi ake anali kuchipatala. Kumeneko kunabadwa mwana wamwamuna, mlongo wake wa Kabatani. Tsiku limenelo Amayi ankabwerera kunyumba.

Dzulo lake Amayi anaimba foni.

"Kabatani, ndasowa fungo la kukhitchini kwathu," anatero Amayi. "Kuno kumangonunkha mankhwala."

"Mukafika mudzapeza keke, Amayi. Ya maapozi, yothira sinamoni. Ndalonjeza."

Sinamoni ndi kaufa kofiirira. Kamanunkhira bwino kwambiri.

Kabatani anali asanaphikepo keke yekha. Koma ankaidziwa. Amayi akamaphika, iye ankakwera pa kampando n'kugwira mbale. Maso ake ankaona zonse.

Vuto linali uvuni. Mwana sayatsa uvuni yekha. Ndiye Kabatani anapita kwa Bambo.

Bambo anali mmisiri womanga nyumba. Manja awo anali aakulu ngati mafosholo.

"Bambo, mundithandize kuphika keke."

"Keke?" anatero Bambo. "Mwana wanga, ine ndamanga nyumba zambiri. Keke ndi kanthu kakang'ono."

Kabatani anaika zonse patebulo. Anaika fulawa, shuga ndi mazira. Anaika batala ndi mkaka. Anaika kaufa kotupitsa keke. Anaika sinamoni ndi jinja. Anaikanso maapozi ofiira.

"Timayamba ndi batala ndi shuga," anatero Kabatani.

Koma Bambo anali atayamba kale. Anakhuthulira fulawa patebulo. Anaunjika kamulu. Anakumba dzenje pakati pa kamuluko. M'dzenjemo anathira mkaka ndi mazira.

"Simenti timakanda chonchi," anatero Bambo.

"Amayi satero."

"Mwana wanga, ine ndamanga nyumba zambiri."

Mkaka unapeza njira yake. Unayenda patebulo. Unadonthera pansi. Galu wawo anabwera n'kuyamba kunyambita. Galu anaona kuti kwacha bwino.

Bambo anakokolera zonse m'mbale. Anatakasa. Anatakasanso. Anatakasa mpaka thukuta. Phala la keke linayamba kutamuka ngati mphira.

Analithira m'chitini chophikira keke. Kenako anasuzumiramo. Anaona tithovu.

"Umu muli mpweya," anatero Bambo. "Mpweya umawononga konkire."

Anamenyetsa chitini patebulo. Phu, phu, phu. Masupuni anadumpha. Galu anathawira kunsi kwa mpando.

"Amayi satero."

"Mwana wanga, ine ndamanga nyumba zambiri."

Bambo anasenda maapozi. Anawadula tizidutswa tofanana bwinobwino.

"Amayi amangomwaza pamwamba," anatero Kabatani.

Bambo anapukusa mutu. Anatenga chingwe chawo chomangira nyumba. Anachikoka pamwamba pa chitini. Anayala maapozi ngati njerwa, mzere ndi mzere. Kenako anatenga levulo. Levulo ndi chipangizo choonera ngati khoma lawongoka. Anaigoneka pachitini. Anatsinzina diso limodzi.

"Yawongoka," anatero Bambo.

Anayatsa uvuni. Itatentha, analowetsa keke. Onse awiri anakhala pansi. Ankayang'ana pagalasi la uvuni.

Fungo linayamba kutuluka. Keke inayamba kukwera pang'onopang'ono.

"Ikutupa," anatero Kabatani. Anaomba m'manja.

Nkhope ya Bambo inasintha.

"Ikutupa? Pansi pa nyumba pakatupa, mwini wake amakana ntchito."

Bambo anatuluka panja. Anabwera ndi njerwa. Anaitsuka bwinobwino, paja anali munthu waukhondo. Anatsegula uvuni. Anavundikira keke ndi mbale yachitsulo. Pamwamba pake anaika njerwa.

Keke inangoti fyuu.

"Amayi satero," anatero Kabatani ndi mawu apansi.

"Mwana wanga, ine ndamanga nyumba zambiri."

Keke itatuluka, inali yaphwatalala. Panalibe potupa. Panalibe pokhota. Bambo anaiwaza madzi ndi zala.

"Konkire timaithirira kuti ilimbe," anatero.

Ndipo inalimbadi.

Bambo anatenga mpeni. Mpeni unakana kulowa. Anakanikiza. Mpeni unapindika. Anagwiritsa manja onse awiri. Kachidutswa kanathyoka n'kuulukira pansi.

Galu anakathamangira. Anakanunkhiza. Anakaluma. Anayang'ana Bambo nthawi yaitali. Kenako anatuluka n'kukagona panja.

Foni inalira. Anali Azakhali, amene anapita kuchipatala kukatenga Amayi.

"Achimwene, adokotala atitulutsa. Tikulongedza katundu. Alamu anga akufunsa za keke."

"Keke ilipo," anayankha Bambo. "Yolimba bwino."

Kabatani sanalire mokweza. Anangokhala pa kampando kake. Misozi inatsika yokha.

"Ndinalonjeza," anatero.

Bambo anagogoda keke ndi chala. Inalira ngati chitseko. Go, go, go. Bambo anakanda m'mutu.

Kabatani anayang'ana patebulo. Maapozi anatsala awiri okha. Mazira anatsala ochepa. Sinamoni anatsala wa pansi pa botolo. Zinali zokwana keke imodzi basi. Imeneyo ikalakwika, Amayi apeza fungo la njerwa.

"Usalire, mayi," anatero Bambo. "Tiyambanso. Ndaona pamene ndinalakwitsa. Njerwa ija inali yolemera. Tipeze yaing'ono."

Kabatani anapukuta misozi. Kuseri kwa chitseko kunali msomali. Pamsomalipo panali chipewa cholimba cha kuntchito kwa Bambo. Kabatani anachiyang'ana. Anaganiza.

"Bambo, kuntchito kwanu amalamula ndani?"

"Kapitawo."

"Kapitawo akalankhula, inu mumatani?"

"Timangoti, chabwino a kapitawo."

"Ngakhale mwamanga nyumba zambiri?"

"Ngakhale choncho. Pantchito kapitawo amakhala mmodzi. Akakhala awiri, khoma limakhota."

Kabatani anakokera kampando kuchitseko. Anakwerapo. Anatenga chipewa n'kuchivala. Chinamuphimba mpaka pamphuno. Anachikankhira kumbuyo.

"Lero kapitawo ndine," anatero.

  Bambo anayang'ana keke yolimba ija. Kenako anaimirira bwinobwino.

"Chabwino, a kapitawo."

"Sambani m'manja."

"Chabwino, a kapitawo."

"Levulo itulutseni panja. Chingwenso. Njerwanso."

"Ndi levulo yomwe?"

"Ndi levulo yomwe."

Bambo anazitulutsa. Anabwerera akuyenda pang'onopang'ono.

Kabatani anaika batala ndi shuga m'mbale.

"Apa pakufunika mphamvu. Takasani."

Bambo anakondwa. Mphamvu anali nazo. Anatakasa, anatakasa. Batala anayera. Anafewa ngati thovu.

Kabatani anaswera dzira m'mbale. Bambo anatakasa. Anaswera linanso. Bambo anatakasa.

"Basi. Bweretsani supuni."

"Ndingowonjezera pang'ono."

"Supuni, Bambo."

"Chabwino, a kapitawo."

Kabatani anasefa fulawa. Anasefera limodzi ndi kaufa kotupitsa. Anathira sinamoni ndi jinja. Anathira kamchere ka pansonga ya chala. Anathira mkaka pang'ono. Kenako anatembenuza phala mofatsa, ngati akufunditsa mwana bulangete.

Tithovu tinaoneka. Chala cha Bambo chinaloza.

"A kapitawo, mpweya."

"Ndauona. Mu keke mpweya ndi mnzathu."

Kabatani anapaka batala m'chitini. Anathiramo phala. Bambo anadula maapozi awiri aja. Kabatani anawatapa m'manja. Anangowamwaza. Ena anagwa chagada. Ena anagwa cham'mbali. Ena anakwerana.

Bambo anatseka maso.

Kabatani anawaza shuga pamwamba. Anagogoda botolo la sinamoni mpaka linatha.

"Lowetsani mu uvuni. Tsekani chitseko."

"Chabwino, a kapitawo."

"Tsopano khalani pansi. Khalirani manja anu."

"Ndikhalire manja?"

"Onse awiri."

Bambo anakhala pansi. Anaika manja kunsi. Anawakhalira.

Fungo linayamba kutuluka. Linadzaza khitchini. Linapita pabalaza. Linatulukira pawindo. Galu anadzuka panja paja. Anasuzumira pakhomo, koma sanalowe. Anali asanaiwale.

Keke inayamba kukwera. Inakwera. Inakweranso. Mbali imodzi inaposa inzake.

"A kapitawo, mbali iyi yakwera."

"Ndaiona."

Pamwamba pa keke panang'ambika pang'ono.

"A kapitawo, mng'alu."

"Ndauona."

"Mng'aluwo ukukula."

"Ukule."

Thukuta linatsika pachipumi cha Bambo. Linafika pamphuno. Bambo analibe dzanja lopukutira. Kabatani anawapukuta ndi kansalu.

"Ndingokankha pang'ono," ananong'ona Bambo. "Ndi chala chimodzi chokha."

"Manja, Bambo."

"Chabwino, a kapitawo."

Keke inafiira pamwamba. Maapozi anafewa. Shuga anayamba kunyezimira.

"Tsegulani tione," anatero Kabatani.

Bambo anatenga nsalu yokhuthala. Anatulutsa chitini. Kabatani anabaya keke ndi kamtengo koyera. Kamtengo kanatuluka kouma.

"Yapsa. Ikani patebulo izizire. Mukatero mubwerere pamalo panu."

Bambo anayang'ana keke. Inali ndi linunda ngati ng'ombe. Inali ndi mng'alu pakati. Bambo anausa moyo. Anabwerera pansi n'kukhaliranso manja.

Panja panalira galimoto. Chitseko chinatseguka. Azakhali analowa ndi zikwama. Pambuyo pawo panali Amayi, atafukata mwana.

Amayi anaima pakhomo. Anatseka maso. Anakoka mpweya.

"Tsopano ndafikadi kwathu," anatero.

Kabatani anathamanga. Chipewa chinamugweranso pamphuno. Anakumbatira Azakhali poyesa ndi Amayi. Onse anaseka. Kenako anapeza Amayi enieni.

Amayi analowa kukhitchini. Anaona keke ya linunda. Anaona fulawa pansi. Anaonanso amuna awo.

"Bambo a Kabatani, mwakhaliranji pansi?"

"A kapitawo sanandimasule."

"Nanga manja ali kuti?"

"Ali m'ndende."

Azakhali anapeza keke yoyamba ija pawindo. Anainyamula. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Achimwene, mukufuna kuika matailosi kukhitchini kuno?"

"Imeneyo isiyeni, achemwali. Inali yoyeserera."

Amayi anakhala pampando. Kabatani anawadulira keke. Mpeni unangolowa wokha. Nthunzi inatuluka. Amayi analuma. Anatafuna pang'onopang'ono. Kabatani sanaphethire.

"Yafewa," anatero Amayi. "Sinamoni wakwana. Ndidulirenso ina."

Kabatani anamwetulira mpaka m'makutu.

"Bambo, imirirani. Ntchito yatha. Bwerani mudzanyamule mwana."

Bambo anadzuka. Anakutumula manja kuti dzanzi lithe. Analandira mwana mosamala. Mwanayo anakwana m'manja awiri aja ngati m'bedi. Bambo anamuyang'ana. Anapendeketsa mutu. Anatsinzina diso limodzi.

"Khutu ili lakwera pang'ono kuposa linzake," anatero.

"Bambo," anatero Kabatani.

"Sindinachite kanthu, a kapitawo."

"Ameneyu mumusiye chomwecho."

"Chabwino, a kapitawo."

Bambo anapsompsona khutu lokweralo. Kenako onse anadya keke. Galu naye analowa, ndipo ulendo uno anamaliza yake yonse.

Mayi wa lole uja analekezera pamenepo. Tinafika pamphambano, ine n'kutsika. Nkhaniyo ndinapita nayo.

Za njerwa mu uvuni, ndikukhulupirira. Ndayenda, ndipo anthu ndawaona. Koma amisiri nawonso ndawaona ambiri. Ndadya nawo, ndabisala nawo mvula m'nyumba zosatha. Zoti mmisiri anaona mng'alu ukukula, iye n'kukhalirabe manja mpaka keke kupsa, pamenepo pokha ine ndikukayika.